Tubungwe twa anchito ndi malipiro m'Zambia

Kabungwe ka anchito ndi gulu limene limakambirana ndi olemba nchito m'malo mwa mamembala ake. Muno m'Zambia, pangano lotuluka pa zokambiranazi limaperekedwa ku ofesi ya Labour Commissioner, ndipo likavomerezedwa, mbali zonse ziwiri ziyenera kulitsata. M'panganomo mumakhala malipiro, ndalama za nyumba ndi mayendedwe, masiku opuma, thandizo la maliro ndiponso njira yotsata pocotsa munthu nchito. Membala amadulidwa ndalama pang'ono mwezi uliwonse.

Phindu lake linaoneka kale ku migodi ya ku Copperbelt. Kabungwe ka anchito acikuda, kamene kanakhazikitsidwa mu 1949 motsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu, kananyanyala nchito milungu itatu mu 1952, ndipo mu 1953 malipiro anakwezedwa.

Koma si onse ali ndi mwai umenewu. Lamulo sililola asilikali ndi apolisi kulowa m'kabungwe. Anchito ambiri a m'nyumba ndi m'masitolo alibe wowalankhulira, motero amadalira malipiro ocepetsetsa amene boma limaika. Amenewa sasintha msanga: amene anaikidwa mu 2012 anakhalabe cimodzimodzi mpaka 2018.