Phula Lomatira Makalata: Mboni Yosalankhula

Ana a masiku ano akaona kachizindikiro kofiira pa satifiketi amayesa n'chokometsera chabe. Komatu kameneko ndi kamdzukulu ka phula lomwe anthu a ku Ulaya ankamatira makalata kwa zaka mazana ambiri.

Ku Britain, chisanafike chaka cha 1840, mtengo wotumizira kalata unkatengera kuchuluka kwa mapepala, ndipo envulopu inkawerengedwa ngati pepala lachiwiri. Motero munthu ankangopinda kalata yomweyo, nasungunula phula pa kandulo, nalidonthezera pokumana mapindo, kenaka n'kudindapo mphete yake lisanaume. Poyamba linali phula la njuchi losakaniza ndi utomoni wa mitengo. M'zaka za m'ma 1500 kunafika shellac, utomoni wa tizilombo ta ku India, umene ukauma umasweka ngati phale. Lofiira ndilo linali lofala. Lakuda linali la uthenga wa maliro, kotero kuti wolandira ankayamba kulira asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe.

Phulali silinali loko ayi. Ngakhale mwana akanatha kuliswa ndi chala. Ntchito yake inali yochitira umboni pa zinthu ziwiri: kuti mawuwo ndi a mwini chidindo, ndiponso kuti palibe amene wawasuzumira panjira. N'chifukwa chake Mfumu John siinasayine Magna Carta mu 1215; chidindo chake cholendewera kumunsi ndicho chinapatsa chikalatacho mphamvu. Mfumu James II, pothawa ku London mu 1688, akuti inaponya chidindo chachikulu cha ufumu mumtsinje wa Thames, poganiza kuti popanda icho adani ake sakanatha kuitanitsa nyumba ya malamulo. Iwo anangosula china.

Koma mboni nayo imanyengeka. Mu 1844 Giuseppe Mazzini, Mtaliyana yemwe anathawira ku London pa zifukwa za ndale, anayamba kukayikira makalata ake ngakhale ankafika omatidwa bwinobwino. Iye ankaika timchenga ndi tinjere ta maluwa m'makalata odzitumizira yekha, ndipo ankafika timeneti mulibe. Zinadziwika kuti, molamulidwa ndi nduna Sir James Graham, ogwira ntchito ku positi ankawatsegula n'kuwamatanso ndi zidindo zachinyengo. Nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa m'nyumba ya malamulo, ndipo chimene chinawawa anthu ambiri koposa kuwerengako chinali kumatanso kuja, popeza boma linanamiza nzika ndi chizindikiro chomwe iwo ankachikhulupirira.