Chigwinjiri cha Marenga ndi Mkanda Wotchedwa Magazi

M'chaka cha 1861 David Livingstone, mng'ono wake Charles ndi Dr John Kirk anayenda pa bwato m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kulowera kumpoto. Atapitirira phiri la Kuwirwi anafika kwa mfumu Marenga, imene inkakhala m'linga pakati pa nkhalango, ndipo dziko lake linkafika mpaka kuseri kwa phiri la Makuzi, pamene lero pali Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Mfumuyo inawalandira mwaulemu. Ali mkati mocheza, inaloza chigwinjiri chimene chinali pa mkono wake nifunsa ngati kwawo kwa alendowo anthu amavala zotero. Livingstone atayankha kuti sanaonepo chotere, Marenga anachivula pomwepo nampatsa, ndipo mkazi wake anachitanso chimodzimodzi ndi chake. Chigwinjiricho chinali chachitsulo, chokhomeredwa timadontho ta mkuwa.

Munthu saninkha mlendo chinthu chimene iye mwini achita nacho manyazi. Marenga ankadziwa kuti wavala ntchito ya mmisiri weniweni. Koma m'matumba a alendo a nthawi imeneyo munkakhala chokongoletsa cha mtundu wina, ndicho mikanda yagalasi, imene apaulendo ankagulira nayo ufa, nsomba ndi nkhuku. Tsono chodabwitsa n'chakuti lero adzukulu akamva za zodzikongoletsera za makolo, maganizo awo amathamangira ku mikanda yagalasiyo, imene inali yobwera, osati ku chitsulo chimene chinatuluka m'ng'anjo za dziko lino.

Galasi lisanafike, mikanda inalipo kale. Ku chigwa cha Kasitu m'boma la Mzimba, kuseri kwa mapiri a Viphya, akatswiri ofukula zakale anapeza timikanda ta chigoba cha nkhono yaikulu yakumtunda, ndipo tina mwa ito tapitirira zaka 9,000. Mmisiri wake ankaswa chigobacho m'tizidutswa, kuboola kalikonse ndi kamwala kosongoka, ndi kukanola m'mbali mpaka kataulungika. Kuonjezera pa nkhono panali mafupa, timitengo ndi njere za m'tchire, makamaka za msambamfumu, zakuda zokhala ndi kachisoti kofiira. Olemera ankavala makoza a mnyanga wa njovu. Chotungira chinali luzi, thonje lopota pamanja, kapena bwazi, ndipo m'mbali mwa nyanja mmisiri wa chingwe sankasowa, pakuti dzanja lomwe linkapota chingwe cha ukonde pa ntchafu ndi lomwelo linkapota cha mkanda.

Chitsulo sichinali chachilendo. Aphoka a m'mapiri a Nyika anatchuka ndi makasu awo, ndipo ku Kasungu zotsalira za ng'anjo zazitali zadothi zikuonekabe m'tchire. Mkuwa ndiwo unali ndi ulendo wautali. M'gombe la Chintheche simukumbidwa mkuwa; unkachokera kumadzulo, ku dziko limene lero ndi Zambia ndi ku Katanga, utasungunulidwa kale n'kuumbidwa ngati mipiringidzo kapena mitanda. Pa Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, anthu okumba maziko mu 1960 anapeza manda okhala ndi mitanda yotereyi, mikanda yagolide, ndi zipangizo zokokera waya. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mphete ndi zigwinjiri za mkuwa zambirimbiri. Choncho mkuwa wa pa mkono wa Marenga unali utayenda mitunda mazana pa mitu ya anthu, ndipo n'zomveka kuti wosula anauika ngati madontho okha pa chitsulo, monga mayi athirira mchere m'ndiwo.

Luso lokoka waya liyenera kutchulidwa, popeza latayika. Wosula ankapwanthula kamtengo ka mkuwa mpaka kataonda, kukasongola nsonga, kukalowetsa pa kabowo ka chitsulo, ndi kukakoka mwamphamvu ndi mbano. Akatero ankabwereza pa kabowo kocheperako, kufikira wayayo atasalala ngati ulusi. Waya wotere ankamukulunga pa ubweya wa kumchira kwa nyama, n'kutuluka chigwinjiri chofewa chopindika ndi mkono. Pambuyo pake amalonda a kunyanja yamchere anadza ndi waya wachikasu wokoka kale, umene ndi mkuwa wosakaniza ndi chitsulo china chotchedwa zinki. Unali wowala kwambiri ndiponso wosavuta kuupeza. Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kakhoza kumeta ndi ntchito ya eni mudzi yomwe.

Mwa mikanda yagalasi yakale imene inafika m'dziko muno munali ya ku India, ndipo ina mwa iyo inapezeka ku Mankhamba komweko. Koma imene inasefukira m'zaka za m'ma 1800 inali ya ku Ulaya, makamaka ya ku Venice m'dziko la Italy ndi ya ku Bohemia, kumene lero ndi Czech Republic. Kapangidwe kake kanali kotere: amisiri ankatapa nsima ya galasi losungunuka, kuiboola pakati, ndipo amuna awiri ankaigwira uku ndi uku ndi ndodo zachitsulo nayenda mofulatirana, galasilo n'kumatamuka mpaka kusanduka kabango kakang'ono kotalika zedi, kobooka m'kati monse. Kabangoko ankakadula tizidutswa, kutisakaniza ndi phulusa ndi mchenga kuti mabowo asatsekeke, ndi kutitembenuza pa moto kuti m'mbali mwake muleke kucheka. Amayi osauka a ku Venice ndiwo ankakhala pakhomo tsiku lonse kutunga timikandato m'mitolo. Kuchoka apo inkakwera zombo kupita ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, kumene Ayao, Aswahili ndi Apwitikizi ankainyamula kulowa nayo kumtunda. Amalonda a Chiswahili ankawerenga zingwe khumi za mikanda ngati fundo imodzi, liwu limene khutu la Mchewa silingalephere kulizindikira.

Anthu ambiri sadziwa kuti mtundu wa mkanda umachokeranso ku zitsulo. Galasi palokha lilibe mtundu wokopa maso. Kobiriwira ngati thambo kumadza ndi chitsulo chotchedwa kobalti, kobiriwira ngati msipu kawirikawiri kumadza ndi mkuwa, ndipo kufiira kowala kwa nthawi imeneyo kunkadza ndi golide wochepa wosungunulidwa m'galasi. Popeza galasi la golide linali lodula, amisiri a ku Venice anapeza nzeru: ankapanga mtima wa mkanda ndi galasi loyera lotsika mtengo, n'kukuta pamwamba pake ndi khungu lofiira. Kuyera kwa m'katiko kunkachititsanso kuti kufiirako kuwale koposa. Umenewu ndiwo mkanda umene Achewa ndi Amang'anja amautcha chitalaka.

Abdullah Susi ndi James Chuma, amene ananyamula mtembo wa Livingstone kukafika nawo kunyanja yamchere, anafotokozera Horace Waller maina a mikanda, ndipo iye anawasunga m'buku la maulendo otsiriza a Livingstone la mu 1874. Za mkanda wofiira woyera m'katiwu iwo anati unali wamtengo kulikonse: Aswahili ankautcha samisami, Ayao chitakaraka, Amanyema a ku Congo maso a mbalame, ndipo anthu a ku Nyasa ankautcha mangazi, ndiye kuti magazi. Anafotokozanso kuti mtundu uliwonse wa anthu unali ndi mikanda yake imene unkaikonda, kotero kuti wapaulendo wonyamula mtundu wolakwika ankatha kugona ndi njala thumba lili lodzaza. Izi zisonyeza kuti makolo sankangotola chilichonse chowala monga nkhani zina zonyoza zimanenera. Ankasankha, ankakana, ndipo mafakitale a ku Ulaya ndiwo ankatsata zofuna zawo.

Dzina loti magazi linadza chifukwa cha mtundu, koma mbiri inaliveka tanthauzo lachiwiri. Kuyambira m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, kumwera kwa Chintheche, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya, pa njira ya ku Kilwa. Chobwera m'malo mwake chinali nsalu, mfuti, onga, waya ndi mikanda. Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera ku dera la Nyasa ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya kumeneko chaka chilichonse. Si mkanda uliwonse umene unagula munthu. Yambiri inagula usipa ndi chinangwa basi. Komanso si chilungamo kuloza alendo okha, pakuti mafumu ena a m'mbali mwa nyanja, pofuna mfuti zodzitetezera kwa Angoni, analowa nawo malondawo. Mtengo wa chokongoletsa m'masiku amenewo umveka bwino pa nkhani ya mphande, chigoba choyera chozungulira cha nkhono ya kunyanja yamchere, chimene mafumu ankapachika pa chifuwa. Mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda inapatsa Livingstone mphande imodzi, ndipo anthu ake anamuuza kuti mphande ziwiri zinkagula kapolo, zisanu zinkagula mnyanga. Mnyanga unaposa munthu. Patapita nthawi mafakitale a ku Ulaya anayamba kuumba mphande zadothi ndi zagalasi, ndipo mtengo wake unagwa.

Ufumu wa mikanda pa msika sunakhalitse. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba mu 1878, ndipo Atonga anali mwa oyamba kuigwirira ntchito. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, msonkho unafuna ndalama, ndipo anyamata a m'gombeli anayamba ulendo wa ku Harare ndi ku Joni. Mkanda unasanduka katundu wa m'sitolo wogulidwa ndi makobiri. Pelele, chokongoletsa cha pa mlomo wam'mwamba chimene Livingstone anaona amayi a m'mbali mwa nyanja atavala, china cha chitini, china cha mwala woyera, china cha dothi lofiira, chinatha m'mibadwo yochepa. Okalamba akumbukira kobiri la nthawi ya Chitaganya, loyamba mu 1955, lobooka pakati, limene anthu ankalitunga pa chingwe monga mkanda. Pa kobirilo panali chithunzi cha njovu ziwiri.

Utachoka pa msika, mkanda unalowa m'nyumba, ndipo m'menemo ndi m'mene unasanduka wa eni dziko kotheratu. Khanda linkamangidwa mkuzi m'chiuno, ndipo mayi ankadziwa kuti mwana akukula poona mkuziwo ukuthina; ukayamba kukhwepa, agogo ankafunsa za kuyamwa kwake nthawi isanathe. Namwali ankalandira mikanda ya m'chiuno kwa alangizi pamodzi ndi mwambo wake. Pakati pa Achewa ndi mitundu ina yoyandikana nawo, mkanda wofiira, woyera ndi wakuda unali chilankhulo cha m'banja, chouza mwamuna mopanda mawu zimene pakamwa pangachite nazo manyazi. Tsatanetsatane wake ngwa anankungwi, si wa pa bwalo. Mayi wa ku Venice amene anatunga mkandawo sankadziwa n'komwe kuti ukalankhula zotere m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja ina. Galasi linali lake, koma mawu anali a kuno.

Masiku ano achinyamata ogulitsa kwa alendo pa mchenga wa Chintheche, Kande ndi Chikale amatunga ndi twaini ya asodzi. Amagwiritsa ntchito njere, timitengo, mapepala okulunga, waya wa mkuwa wosenda m'nthambo zakale za magetsi, ndi mikanda ya pulasitiki kapena yagalasi yochokera ku China ndi ku India. Wina akhoza kunyoza kuti si zamakolo, koma makolowo nawonso ankatunga chimene nthawi yawo inawapatsa. Mnyanga wokha ndiwo unachoka, ndipo unachoka bwino: malonda ake pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo wogulitsa khoza la njovu lero akuputa ndende. Chenjezo lili pa zitsulo zokutidwa, zimene zimawala sabata ziwiri kenaka n'kusupuka, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mkuwa weniweni umasiya kubiriwira pa khungu, koma kumachoka ndi sopo, ndipo chigwinjiricho chimawalanso ndi ndimu ndi phulusa. Chimene chimatulutsa zidzolo kawirikawiri ndi chitsulo cha nikelo chosakanizidwa m'zokutira zotchipa. Palinso tinjere tofiira tokhala ndi diso lakuda, tomera pa chomera choyanga, timene ena amatunga chifukwa cha kukongola kwake. Tili ndi ululu woopsa tikatafunidwa, ndipo sitiyenera kufika m'manja mwa mwana.

M'nyumba zambiri, gogo akamwalira, kathumba kake ka mikanda kamatayidwa pamodzi ndi nsanza, chifukwa chingwe chinaola ndipo timikanda tangoti mbwee pansi pa sutikesi. Chingwe ndicho chimaola. Galasi limakhala zaka mazana. Mdzukulu wofuna kudziwa chimene wapeza angachiyese yekha. Galasi limazizira pa tsaya, limalemera m'dzanja, ndipo limalira likagunda dzino, pamene pulasitiki ndi wofunda ndi wopepuka. Mikanda yakale yokokedwa pamanja siilingana kukula, ndipo m'mbali mwa bowo mumakhala modyeka ndi chingwe. Akapeza wofiira, aupendeke pa dzuwa n'kusuzumira pa bowo lake. Ngati m'kati muli moyera ndipo kufiira kwake n'kozama ngati kwa bwemba wakupsa, osati kowala ngati phwetekere, n'kutheka kuti ndi chitalaka cha golide cha masiku a Jumbe, pakuti kufiira konga phwetekere kunadza pambuyo, amisiri atapeza mankhwala otsika mtengo olowa m'malo mwa golide.