Chimene chidagwetsa ngongole za makalabu a alimi

Kwa zaka pafupifupi 20, Malawi ankatamandidwa kunja chifukwa cha alimi ake obweza ngongole. Kubwereketsa alimi m'magulu kudayamba m'zaka za m'ma 1970 pansi pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, ndipo mu 1988 boma lidasonkhanitsa ntchito yonseyi mu nthambi ya unduna wa zamalimidwe yotchedwa SACA. Mlimi sankagwira ndalama m'manja. Ankalandira mbewu ya chimanga cha haibulidi ndi matumba a feteleza kudzera ku kalabu yake, popanda chikole, ndipo zaka zambiri ndalama zoposa 90 pa 100 iliyonse zinkabwezedwa. Kenaka mu 1992 kabwezedwe kadatsika kufika pafupifupi 25 pa 100, ndipo pofika 1994 SACA idali itatha. Ambiri amati chilala ndicho chidapha makalabu. Koma mphamvu ya ngongolezi sidali m'makalabumo, idali m'dzanja la boma lomwe lidawagwirizira.

Taonani m'mene ngongole inkayendera. Mlangizi yemwe ankaphunzitsa kabzalidwe ndi kathiridwe ka feteleza ndiye ankathandiza kukhazikitsa kalabu, kulemba maina ndi kutsata obweza mochedwa. Zipangizo ankakatenga ku msika wa ADMARC, ndipo zokolola zinkathera pa sikelo ya ADMARC yemweyo, poti kufikira 1987 amalonda wamba sankaloledwa kupikisana naye momasuka. Mlimi wa ngongole adalibe kothawira ndi chimanga chake. Pamwamba pa izi padali lamulo loti membala mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse isalandire kanthu chaka chotsatira. Ndiye anzake ankamuyendera pakhomo, ndipo zikavuta mbuzi, njinga, mwinanso malata a padenga ankatengedwa. M'masiku a chipani chimodzi, ndani akadaima pabwalo kutsutsa zotere? Kalabu yotereyi sidali kopaletivi yeniyeni. Ndalama zobwereketsazo sizidali zosonkha za mamembala, zidali za boma ndi za mabungwe akunja monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Ndipo tisaiwale kuti makopaletivi a alimi omwe adakula m'nthawi ya atsamunda, monga a mpunga ku Karonga, boma la Dr Banda lidawafooketsa m'zaka za m'ma 1960.

Wina anganene kuti chilala cha 1991/92 chidali choopsa kotero kuti ngakhale banki yolimba ikadagwedezeka. Zoona, munthu sangabweze ngongole ya feteleza pamene chimanga chaumira m'munda chisanabereke. Koma chaka chotsatira mvula idagwa bwino, dziko lidakolola chimanga chochuluka kwambiri, komabe kabwezedwe sikadadzuke. Chomwe chidasintha pakatipa si nyengo. Chisankho cha pa 14 June 1993 chidatsegula njira ya zipani zambiri, mantha adachepa, ndipo pa nthawi yokopa anthu mawu adafala m'midzi oti ngongolezo zikhululukidwa. Apa lamulo lija la kalabu yonse lidatembenukira eni ake. Mlimi wokhulupirika akaona kuti anzake theka sakubweza, amadziwa kuti ngakhale iye atabweza, kalabu yatsekeredwa kale. Nanga agulitsirenji mbuzi yake?

Palinso ena amene amati vuto lidali andale okha, ndipo pakadapanda iwo dongosololi likadapitirira. Maganizo amenewa amaiwala kuti msika udali utayamba kale kumasuka, mavenda akugula mbewu m'midzi pa ndalama ya pompopompo, ndipo wobwereketsa sakadathanso kudikira mlimi pa sikelo imodzi. Amaiwalanso kuti ngakhale pa nthawi yomwe zinkayenda bwino, makalabu sadafikire alimi ambiri. Mamembala ankasankhana okha, ndipo poopa kulipirira mnzawo ankasiya kunja a minda yaing'ono, kuphatikizapo amayi ambiri oyendetsa okha mabanja.

Umboni womaliza uli pa zimene adachita wolowa m'malo. Malawi Rural Finance Company itayamba kubwereketsa mu 1994, pa chiwongola dzanja cha pamsika, idatsamira kwambiri makalabu a fodya wa bale, yemwe alimi ang'onoang'ono adali atangololedwa kulima kuyambira 1990. Fodya ankadutsa pa chipata chimodzi, ku okushoni ya ku Kanengo, Limbe kapena Mzuzu, komwe ngongole inkadulidwiratu ndalama zisanafike kwa mlimi. Kampaniyi idangopeza sikelo ina yodikirirapo. Wolima chimanga chokha adavutika kupeza womukongoza, feteleza atakwera mtengo kwacha itagwa mu 1994, mpaka mu 1998 boma lidayamba kumugawira kaphukusi kaulere ka mbewu ndi feteleza ka Starter Pack.