Mmene Anthu Anaudziwira Mwezi

1. Kuwerenga masiku

Kale kunalibe kalendala ya pepala. Anthu ankawerenga masiku poyang'ana kumwamba. Kamwezi kopyapyala kakaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa, ankati mwezi wakhala. Unkakula tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha masabata awiri unkakhala wathunthu. Kenako unkayamba kuchedwa kutuluka, uku ukuchepa, mpaka kusoweratu. Apo ankati mwezi wafa. Ulendo wonsewu umatenga masiku 29 ndi theka.

Akuluakulu a Chimang'anja ankati mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wa kumadzulo, Puikani, amadziwa kuphika, ndiye mwamuna akakhala kumeneko amanenepa. Mkazi wa kum'mawa, Chekechani, amam'mana chakudya mpaka kuwonda. Amene anapeka nthanoyi anali ndi maso akuthwa. Mwezi wongokhala kumene umaonekadi kumadzulo, ndipo wotsala pang'ono kufa umaoneka kum'mawa mbandakucha. Chimene sanadziwe n'chakuti akazi awiriwo ndi nyenyezi imodzi yomweyo, Nthanda, imene nthawi zina imaoneka madzulo, nthawi zina m'mawa.

Mpaka lero Asilamu amatsata mwezi. Miyezi yawo 12 imakwana masiku 354, pamene chaka cha dzuwa chili ndi masiku 365. N'chifukwa chake Ramadan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Nayo Pasaka ya Akhristu imadikira mwezi wathunthu, ndiye imagwa mu Malichi kapena mu Epulo.

2. Alembi a ku Babulo

Mzinda wa Babulo unali m'dziko limene lero ndi Iraq. Kumeneko kunali alembi amene ntchito yawo inali kuchezera kuyang'ana thambo. Zimene aona ankazilemba pa mapale adothi. Anachita izi kwa zaka mazanamazana Yesu asanabadwe.

Powerenga zolemba za makolo awo, anazindikira kuti kadamsana sabwera mwachisawawa. Wofanana ndi wa lero amabweranso pakapita zaka 18 ndi masiku 11. Motero ankatha kuchenjezeratu mfumu. Komabe kwa iwo kadamsana anali malodza ochokera kwa milungu.

3. Mwezi ulibe moto

Cha m'ma 450 Yesu asanabadwe, mumzinda wa Athens ku Greece munali mphunzitsi dzina lake Anaxagoras. Iye anati dzuwa ndi chimwala choyaka, ndipo mwezi ndi nthaka imene ilibe kuwala kwakekwake. Kuwala kumene timakuona ndi kwa dzuwa, kumangogunda pa mweziwo n'kubwerera kwa ife. Anthu a mumzindawo ankalambira dzuwa ndi mwezi ngati milungu, choncho anamuimba mlandu wonyoza milungu. Anachoka mu Athens n'kukafera kwina. Koma pa za mwezi ananena zoona.

Patapita zaka pafupifupi 100, Aristotle anaona chinthu china. Pa kadamsana wa mwezi, dziko lathu limakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo mthunzi wake umagwera pa mwezi. Mthunziwo nthawi zonse umakhala wozungulira. Chinthu chimene mthunzi wake ndi wozungulira kumbali iliyonse chiyenera kukhala chobulungira. Uwu unali umodzi mwa maumboni ake akuti dziko si lafulati.

4. Yesani nokha

Tengani lalanje ndi koloboyi. Usiku, ikani koloboyi pamalo okwera m'nyumba, ndipo muzimitse nyali zina zonse. Koloboyi ndiye dzuwa. Lalanje ndiye mwezi. Mutu wanu ndilo dziko.

Tambasulani mkono, lalanje lili m'manja, moyang'ana koloboyi. Mbali imene ikuwala ili kuseri, inu mukuona mbali yakuda. Mwezi wafa. Tembenukani pang'ono: kamzere kowala kaoneka m'mphepete mwa lalanje. Mwezi wakhala. Pitirizani mpaka koloboyi akhale chakuphewa kwanu, muona theka. Mukam'fulatira koloboyi, lalanje mutalikweza pang'ono kupitirira mutu, nkhope yake yonse iwala. Umenewo ndi mwezi wathunthu.

Onani kuti nthawi yonseyi theka la lalanje limakhala likuwala. Chimene chimasintha ndi mbali imene inu mukuliyang'anira. Anthu ambiri, ngakhale opita kusukulu, amaganiza kuti mwezi umachepa chifukwa cha mthunzi wa dziko. Si choncho ayi.

Tsopano tsitsani lalanje lilowe mu mthunzi wa mutu wanu. Ameneyo ndiye kadamsana wa mwezi, ndipo amachitika mwezi uli wathunthu basi. Mukaika lalanje pakati pa diso lanu ndi koloboyi, lawi libisika. Ameneyo ndi kadamsana wa dzuwa, wochitika mwezi utafa. Sachitika mwezi ndi mwezi chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka pang'ono. Nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mzere wa dzuwa ndi dziko.

5. Galileo aona mapiri

Mu 1609, Galileo Galilei wa ku Italy anapanga telesikopu, chipangizo cha magalasi choonera zinthu zakutali. Ataloza pa mwezi anaona mapiri ndi maenje. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankati zakumwamba zonse n'zosalala, zopanda chilema. Galileo anaona mithunzi ya mapiriwo ikutalika ndi kufupika malinga ndi kumene dzuwa lili, ndipo anajambula zimenezi m'buku limene linatuluka mu 1610. Madontho akuda amene ena amati ndi kalulu, ena mayi wosenza nkhuni, ndi zigwa zodzaza miyala yakuda imene kalekale inali yosungunuka.

6. Chimene chimagwira mwezi

Nanga bwanji mwezi sugwa, kapena kuthawa? Yankho linachokera kwa Isaac Newton wa ku England mu 1687. Iye anaonetsa kuti mphamvu imene imagwetsa chipatso mumtengo ndi yomweyo imene imakoka mwezi. Mwezi uli pa liwiro, dziko likuukoka, ndiye umangozungulira.

Nawo mwezi umakoka dziko. Ku nyanja zikuluzikulu zamchere madzi amasefukira kugombe n'kubwerera kawiri pa tsiku. Pa doko la Beira ku Mozambique amatha kukwera mamita oposa asanu mwezi ukafa kapena ukakhala wathunthu, chifukwa apo dzuwa ndi mwezi zimakokera pamodzi. Nyanja ya Malawi ndi yaing'ono pa zimenezi, simungaone kusinthako. Asodzi a usipa amausamala mwezi pa chifukwa china: nyali zawo zimaitana nsomba bwino kukakhala mdima, koma mwezi ukawala kuti mbee usipa subwera pa nyali.

Mwezi umationetsa nkhope imodzi yokha. Uli ngati wovina chimtali amene akuzungulira bwalo nkhope ili kwa ang'oma. Oimba ng'oma saona msana wake.

7. Tsiku limene Angoni anawoloka Zambezi

Angoni a Zwangendaba anachoka kumwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za Shaka. Anawoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira. Okalamba awo ankasimba kuti tsiku limenelo kunada masana.

Popeza kayendedwe ka mwezi n'kodziwika, akatswiri amatha kuwerengera chammbuyo. Anapeza kuti kadamsana wa dzuwa anadutsa dera limenelo mu Novembala 1835. Angoniwo sankalemba, koma chifukwa cha mthunzi wa mwezi, ana a Mpezeni ku Chipata ndi a M'mbelwa ku Mzimba akudziwa mwezi ndi chaka chimene makolo awo anawolokera.

8. Anthu aponda pa mwezi

Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Basi yothamanga makilomita 100 pa ola, yosaima paliponse, ingatenge miyezi yoposa isanu.

Mu 1959 chombo cha Soviet Union chotchedwa Luna 3 chinajambula kuseri kwa mwezi koyamba. Pa 20 Julaye 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America anatera pa mwezi, mnzawo Michael Collins akuwadikira m'chombo chozungulira. Anapeza malo opanda mpweya, opanda mvula, odzaza fumbi lotuwa. Kumeneko zinthu zimapepuka: thumba la chimanga la makilogalamu 50 mungalinyamule ngati la makilogalamu 8. Anthu 12 ndi amene anapondako pofika Disembala 1972, ndipo anabweretsa miyala yolemera makilogalamu 382. Anasiyanso magalasi amene akatswiri amayezera mtunda. Apeza kuti mwezi ukutalikira dziko ndi masentimita pafupifupi 4 chaka chilichonse.

Masiku ano maiko enanso akutumiza zombo ku mwezi. China inatsitsa chombo kuseri kwa mwezi mu 2019, ndipo India inatsitsa chake pamalo ena a mwezi mu 2023.

9. Kadamsana wa m'masiku athu

Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi ka 400 m'mimba mwake, koma lilinso kutali ka 400. N'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula, ndipo mwezi umatha kuphimba dzuwa lonse.

Izi zinachitika pa 21 Juni 2001. Mthunzi wa mwezi unadutsa Angola, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Madagascar. Ku Lusaka kunada kwa mphindi zitatu masana, ndipo ku Malawi mbali yaikulu ya dzuwa inabisika. Tsikuli linalengezedwa kale zaka zambiri lisanafike. Wina wotere adzadutsa Namibia, Botswana ndi South Africa pa 25 Novembala 2030.

Kadamsana wa mwezi mungamuyang'ane ndi maso, palibe vuto. Wa dzuwa ayi, amawononga maso, ndipo magalasi akuda ogula pamsika sateteza. Boolani kabowo kakang'ono pa katoni, fulatirani dzuwa, kuwala kudutse pa kabowoko n'kugwera pa pepala loyera. Muyang'ane pa pepalapo.