Konkire ya Zitsulo ndi Amisiri a ku Italy

Simenti ya ku Makata

Ku Makata, mumzinda wa Blantyre, kuli fakitale ya simenti. Malole amatulukako atasenza matumba, ena kulowera ku Ndirande, ena ku Limbe ndi ku Bangwe. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50. Kale mwala wopangira simentiyi unkakumbidwa ku Changalume, m'boma la Zomba.

Nyumba zakale za mumzinda uno sizinadalire simenti. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa ndi njerwa zootcha kuyambira 1888 mpaka 1891. Koma nyumba zosanja za mumsewu wa Victoria Avenue zaima chifukwa cha konkire yokhala ndi zitsulo mkati. Kamangidwe kameneka kanachokera kutali.

Zitsulo n'zachiyani?

Konkire ndi simenti, mchenga, miyala ndi madzi. Ikauma imasenza katundu wolemera osaphwanyika. Vuto lake ndi lakuti ikapindika imang'aluka. Chitsulo ndiye sichiduka wamba chikakokedwa. Choncho zitsulo mu konkire zili ngati mafupa m'thupi.

Mukaone mmisiri akuthira lintala pamwamba pa khomo. Amakhoma kaye bokosi la matabwa. Kenako amamanga zitsulo ndi waya, zina n'kuzigoneka cha m'munsi, poti kumunsiko ndi kumene lintala imakokeka khoma likailemera. Akathira konkire amajomphajompha ndi kamtengo kuti pasatsale mphako.

Woyamba kutchuka ndi nzeruyi anali mlimi wa maluwa wa ku France, Joseph Monier. Iye ankaumba miphika ya maluwa ya simenti yokhala ndi mawaya mkati, ndipo analembetsa nzeru yakeyo ku boma mu 1867. Mu 1892 François Hennebique analembetsa njira yomangira nyumba yonse motero: mizati, mitanda ndi silabu.

Mataliyana aigwira ntchito

Hennebique ankapereka chilolezo kwa amisiri a m'mayiko ena. Ku Italy anachipeza ndi Giovanni Antonio Porcheddu wa mumzinda wa Turin. Mu 1911 kampani yake inamaliza mlatho wa Risorgimento ku Rome. Mlathowo unadumpha mtsinje wa Tiber mamita 100 popanda mzati pakati.

Nthawi imeneyo ku Italy kunali umphawi. Anthu mamiliyoni anachoka kukafuna ntchito kunja, ndipo ambiri anali omanga. Anafika ku Egypt, ku Tunisia, ku Argentina ndi ku Brazil. Ambiri sanapite patali ndi sukulu. Luso linali m'manja, ndipo amene ankawatumikira pa ntchito ankaphunzira poonerera.

Kuno kwathu Mataliyana oyamba anatchuka kwambiri ndi ulimi, monga banja la Conforzi la minda ya tiyi ndi fodya ku Thyolo.

Ku Kariba

Kumene anthu a kwathu anakumana kwenikweni ndi omanga a ku Italy ndi ku Kariba, pa mtsinje wa Zambezi. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1956 boma la Chitaganya linapereka ntchito yomanga damu kwa kampani ya ku Italy ya Impresit. Mapulani anajambula ndi André Coyne wa ku France. Simenti inkachokera ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka.

Antchito achikuda analipo masauzande, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku Nyasaland. Ankaswa miyala, kukhoma matabwa, kumanga zitsulo ndi kuthira konkire usana ndi usiku, kotentha koopsa. Malipiro awo anali ochepa zedi poyerekeza ndi a azungu.

Mtsinje nawo sunagonje msanga. Mu 1957 unasefukira. Mu 1958 unasefukiranso moposa, n'kukokolola milatho ya pantchitopo. Atonga a m'chigwa cha Zambezi ankati Nyaminyami, mzimu wa mtsinje, wakwiya. Iwowo, pafupifupi 57,000, anasamutsidwa mokakamiza m'midzi yawo.

Anthu 86 anafera pa ntchitoyi, Mataliyana ndi achikuda omwe. Ena anagwera mu konkire yaiwisi. Mataliyana anamanga tchalitchi cha St Barbara ku Kariba chowakumbukira.

Khoma la damulo linatha mu 1959. Kutalika kwake ndi mamita 128 kupita m'mwamba. Magetsi ake anapita ku migodi ya kopa ndi ku mizinda ya Southern Rhodesia. Ku Nyasaland, kumene kunachokera thukuta lambiri, sanafikeko. Ife magetsi ochuluka a mphamvu ya madzi tinawadikira mpaka 1966, pamene a ku Nkula pa mtsinje wa Shire anayamba. Apa pokha Chitaganya chinatidyera masuku pamutu.

Kwa inu amene mukumanga

Mwina kwanu kuli agogo amene anagwirako ntchito ku Kariba. Afunseni akadali moyo, ndipo mulembe zimene anene.

Ngati mukuthira silabu kapena lintala, onetsetsani kuti zitsulo zakwiririka bwino, chifukwa zikaonekera zimachita dzimbiri n'kung'ambula konkire. Mchenga ukhale wopanda dothi. Musachulutse madzi pokanda. Mukathira, muzinyowetsa konkireyo tsiku lililonse kwa sabata yathunthu, ndipo musathamangire kuchotsa matabwa.