Penate ya Goloboyi, Khadi la Mphunzitsi

Munthu amene anayambitsa penate anali goloboyi. Anyamata a mpira ndikawauza zimenezi amati ndikuwanamiza, poti goloboyi wanzeru zake sangadzitchere yekha msampha wotero. Koma ndi mmene zinalili. Dzina lake anali William McCrum, mwana wa mwini fakitale yowomba nsalu pamudzi wa Milford, m'dera la Armagh ku Ireland. Timu yake sinali yoti n'kuyinyadira. Ligi ya ku Ireland itayamba mu 1890, Milford inasewera masewero 14, inagonja onsewo, n'kumwetsedwa zigoli 62. Choncho McCrum ankadziwa bwino zochitika pakhomo pa golo: kutcherana ndale, kukokana malaya, kuphulitsa mpira ndi dzanja ukamalowa.

Nthawi imeneyo wochita zoterezi analibe chomuopsa. Woyimbira sankalowa n'komwe m'bwalo. Timu iliyonse inkabwera ndi munthu wake woweruza, ndipo awiriwo akasiyana maganizo m'pamene ankapita kwa wachitatu yemwe ankaima kunja kwa mzere atagwira wotchi. Chilango chachikulu chinali firikiki yomwe sunkaloledwa kuimenya molunjika m'golo. Zinali choncho chifukwa malamulo a mpira analembedwa ndi ana a anthu olemera a ku England, ophunzira m'sukulu zodula, omwe ankakhulupirira kuti njonda singalakwire mnzake mwadala. Ukagwa, ndiye kuti yachitika ngozi.

Mu 1890 bungwe la mpira la ku Ireland linatengera ganizo la McCrum ku IFAB, komiti yomwe mpaka lero ndiyo imasunga malamulo a mpira. Analiika pambali, ena akuliseka, ena akukwiya nalo. Okwiyawo ankati lamuloli ndi chipongwe, chifukwa likunena poyera kuti pakati pa osewera pali akathyali. Timu ya Corinthian, ya njonda zokhazokha zosalandira malipiro, inadana nalo moti ngakhale litakhazikitsidwa, iwo akapatsidwa penate ankaiphonyetsa dala, ndipo ikakhala yowalanga iwo goloboyi wawo ankapatuka n'kusiya golo pululu. Ena amawatamanda anthu amenewa. Ine ndimangoona kuti munthu amene sadyera mpira n'kosavuta kuti akhale waulemu chomwecho.

Chomwe chinatseka pakamwa otsutsa chinachitika mu Febuluwale 1891, pa ndime ya makotafainolo ya FA Cup. Notts County inkatsogola 1-0 pa Stoke, nthawi itatsala pang'ono kutha. Mpira wa Stoke unkalowa m'golo, goloboyi atadutsidwa kale, koma wakumbuyo wina wa Notts, Hendry, anaubweza ndi dzanja ali pamzere penipeni. Stoke inapatsidwa firikiki ija pafupi ndi mzerewo. Goloboyi anangoima patsogolo pa mpira n'kuutchinga. Notts County inapitirira mpaka mufainolo, Stoke inabwerera kwawo. Pa 2 Juni chaka chomwecho, IFAB itakumana ku Glasgow, inavomereza penate. Ndi chaka chomwechi pamene woyimbira analowetsedwa m'bwalo, oweruza awiri aja n'kusanduka onyamula mbendera m'mphepete.

Penate yoyambayo sinali ngati ya lero. Kunalibe bokosi, kunalibe kadontho. Panali mzere wodutsa bwalo lonse pa mtunda wa mayadi 12 kuchokera pagolo, ndipo womenya ankaika mpira paliponse pamzerewo, goloboyi naye n'kuloledwa kutsogola mpaka mayadi 6. Bokosi ndi kadontho zinabwera mu 1902, ndipo mu 1905 goloboyi anamubwezera pamzere wake. Komanso woyimbira sankapereka penate pokhapokha olakwiridwawo ataipempha. Ndiye mukamaona osewera athu akukweza manja n'kumuunjirira woyimbira, dziwani kuti khalidweli lili ndi agogo ake.

Ine ndili mphunzitsi wa pulayimale ndinayimbirako mpira wa sukulu ndi sukulu, m'mabwalo a mizere ya phulusa momwe kadontho ka penate kunalibe. Ukaliza wezulo n'kuloza, unkayenera kuyenda masitepe 12 kuchokera pagolo, mudzi wonse ukuwerenga mokweza. A timu yomenya ankafuna uyende ngati mkwatibwi, a timu inayo ankafuna utanyule miyendo mpaka thalauza ing'ambike. Mkangano wa masitepe unkatha nthawi kuposa mkangano woti kunali kugwetsa kapena ayi. McCrum sanapindule kanthu ndi lamulo lomwe linkatikanganitsa chonchi. Fakitale ya bambo ake inagwa, iye anamwalira mu 1932 ali wosauka.

Kutulutsa wosewera m'bwalo ndi kwakale kuposa khadi. Woyimbira ankangonena ndi pakamwa n'kuloza kunja, ndipo zinkayenda pokhapokha ngati onse akumva chiyankhulo chimodzi. Mpira utafalikira dziko lonse, pakamwa panayamba kuchepa. Apa m'pamene akulowera Ken Aston, mphunzitsi mnzanga wa pulayimale wa ku England, yemwenso anakhalapo msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa 2 Juni 1962, zaka 71 ndendende chikhazikitsireni penate, anamupatsa masewero a chikho cha dziko lonse pakati pa Chile ndi Italy mumzinda wa Santiago. Moto unali utayaka kale mpira usanayambe, chifukwa atolankhani awiri a ku Italy analemba zonyoza mzindawo, dziko la Chile likungochira ku chivomezi choopsa cha 1960. Pasanathe mphindi khumi Aston anatulutsa Giorgio Ferrini wa Italy. Ferrini anakana, mpaka apolisi anachita kulowa kudzamuchotsa. Leonel Sánchez wa Chile, mwana wa katswiri wa nkhonya, anathyola mphuno ya Humberto Maschio ndi chibakera, anamenyanso Mario David, koma anatsalabe m'bwalo. David atabwezera pomuponda kumutu, ndiye anatulutsidwa. Chile inapambana 2-0, Italy itatsala ndi osewera 9. Aitaliyana sanamukhululukire Aston, ndipo pa nkhani ya Sánchez anali ndi chifukwa.

Mu 1966 Aston anali mkulu woyang'anira oyimbira pa chikho chomwe chinachitikira kwawo. Pa 23 Julayi ku Wembley, England inakumana ndi Argentina mukotafainolo, woyimbira ali Rudolf Kreitlein, telala wa ku Germany. Pa mphindi 35 Kreitlein anatulutsa kaputeni wa Argentina, Antonio Rattín, yemwe ankangomulondola n'kumamuyankhula. Kreitlein sankamva Chisipanishi, Rattín sankamva Chijeremani. Rattín analoza kansalu ka ukaputeni pamkono pake n'kupempha womasulira, ndipo mpira unaima pafupifupi mphindi khumi, mpaka Aston mwiniwake analowa kukamunyengerera. England inapambana 1-0 ndi chigoli cha Geoff Hurst. Kutacha, Jack Charlton wa England anawerenga m'nyuzipepala kuti nayenso anachenjezedwa m'masewerowo, chonsecho iye sanadziwe, moti a England anachita kukafunsa kwa akuluakulu ngati zinali zoona.

Aston ankafotokoza yekha kuti nzeru inamubwerera akuyendetsa galimoto mumsewu wa Kensington High Street ku London, atafika pamaloboti: yachikasu, chepetsa, yofiira, ima. Pa chikho cha dziko lonse, makhadi anayamba kugwira ntchito mu 1970 ku Mexico, ndipo chodabwitsa n'chakuti pampikisano wonsewo palibe anatulutsidwa. Khadi lofiira loyamba la chikho cha dziko lonse linaoneka pa 14 Juni 1974, pamene Doğan Babacan wa ku Turkey analikwezera Carlos Caszely wa Chile pa masewero ndi West Germany. Angerezi eni ake anachedwa. Analowetsa makhadi muligi yawo mu 1976, anawachotsa mu 1981 ati akuputa ukali wa ochemerera, n'kuwabwezeretsa mu 1987.

Khadi linathetsa vuto limodzi lokha, loti anthu adziwe chomwe woyimbira wagamula. Loti wagamula bwanji silinalikhudze, ndipo umboni unabwera patangotha masiku anayi Caszely atatulutsidwa. Zaire, yomwe lero ndi DR Congo, inkasewera ndi Yugoslavia ku Gelsenkirchen. Osewera a Zaire akutsutsa chigoli, wina anamuponda woyimbira Omar Delgado wa ku Colombia cha kumbuyo. Delgado atatembenuka anakweza khadi lofiira kwa Ndaye Mulamba, pamene wopondayo anali Mwepu Ilunga. Abale athu a ku Zambia akumudziwa bwino Mulamba: miyezi itatu m'mbuyomo anawamwetsa zigoli zonse zinayi ku Cairo, ziwiri mufainolo ya chikho cha Africa yomwe inatha 2-2, ziwiri pa masewero obwereza omwe Zaire inapambana 2-0. Pampikisano umenewo anagoletsa zigoli 9, ndipo palibe wamuposa mpaka pano. Munthu woteroyo anatuluka m'chigawo choyamba pa mlandu wa mnzake, dziko lonse likuona bwinobwino mtundu wa khadi. Zaire inakunthidwa 9-0.

Osewera nawo sanagone. Ataona kuti m'bokosi muli penate, anayamba kugwetsa munthu asanalowemo. Mufainolo ya FA Cup ya 1980, Paul Allen wa West Ham, mnyamata wa zaka 17, anatsala yekha ndi goloboyi, Willie Young wa Arsenal n'kumutchera ndale kunja kwa bokosi pang'ono. Chilango chake chinali khadi lachikasu ndi firikiki basi. Anthu anang'ung'udza, ndipo pofika chikho cha 1990 FIFA inalamula kuti wolepheretsa dala mwayi woonekeratu wa chigoli azituluka. Kenaka kunabuka dandaulo lina, loti m'bokosi munthu akulangidwa katatu pa cholakwa chimodzi: penate, khadi lofiira ndi kuphonya masewero otsatira. Mu 2016 anafewetsa, kuti amene walakwa akulimbirana mpira azipatsidwa lachikasu. Ukaunika bwino, pafupifupi lamulo lililonse pankhaniyi linalembedwa timu ina italira kale, ndipo amene analirawo sanapindule nalo.

Ndiye tifike pa 2 Julayi 2010 ku Soccer City mu Johannesburg, pa chikho cha dziko lonse, usiku womwe Africa yense anali Ghana. Zigoli zili 1-1 ndi Uruguay, mphindi yomaliza ya nthawi yowonjezera, Dominic Adiyiah anamenya mpira ndi mutu, ukulowa. Luis Suárez, ali pamzere, anaubweza ndi manja. Ndi mlandu wa Hendry womwe uja, patapita zaka 119, koma tsopano zida zonse zilipo. Woyimbira Olegário Benquerença wa ku Portugal sanalakwitse kalikonse: anatulutsa khadi la Aston, analoza pa kadontho ka McCrum. Asamoah Gyan anawomba chitsulo chapamwamba, Suárez n'kumadumpha ndi chimwemwe panjira yopita kuchipinda chovalira. Uruguay inapambana 4-2 pa mapenate n'kulowa semifainolo.

Anthu ambiri anamutukwana Suárez. Ine mkwiyo wanga unapita kwa lamulo. Suárez anangowerengera mitengo: akausiya mpira, chigoli n'chotsimikizika, akaugwira, alipira khadi ndi masewero amodzi, Ghana ipatsidwa mwayi womwe ungathe kuphonyeka. Anagula, ndipo anagula motchipa. Penate sibweza chigoli chomwe wabedwa, imangokupatsa mpata woti uyeserenso, uli ndi mtolo wa dziko lonse pamutu. Mumpira wa rugby woyimbira ali ndi mphamvu yongopereka mapointi ngati cholakwa ndicho chalepheretsa kugoletsa. Ine ndikanakonda kuti mpira wamiyendo uchite chimodzimodzi pa mlandu umodzi wokhawu, wa dzanja la dala pamzere goloboyi atadutsidwa. A IFAB sanavomerepo, poopa kupatsa woyimbira mphamvu yolemba chigoli chomwe sichinalowe. Koma mphamvu yotulutsa munthu m'bwalo anamupatsa kalekale, ndipo imeneyo siyochepa.

M'malo mwake anamuwonjezera maso. Pa chikho cha 2018 ku Russia kunabwera VAR, njira yothandizira woyimbira ndi kanema, ndipo penate yoyamba yoperekedwa ataunika kanema inapita kwa France pa masewero ndi Australia, Antoine Griezmann n'kuigoletsa. Tinkauzidwa kuti mikangano ichepa. Amalawi tinalawa tokha pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, Flames ikusewera ndi Senegal masewero omaliza a m'gulu pa chikho cha Africa. M'chigawo chachiwiri Gomezgani Chirwa anagwa m'bokosi atapanikizidwa ndi Bouna Sarr, woyimbira Blaise Yuven Ngwa wa ku Cameroon n'kuloza pa kadontho. Pomwe ndinkaonera, anthu anali atakwera kale pamabenchi. Kenaka anamuitana kuti akaone kanema. Anapita, anaona, anabwerera n'kufufuta penate ija.

Ndaionera kambirimbiri mphindi imeneyo, ndipo ndimaonabe kuti Chirwa anakhudzidwa. Funso ndi lakuti anakhudzidwa mokwanira kugwetsa munthu kapena ayi, ndipo limenelo kamera siliyankha. Malamulo a VAR amati chigamulo choyamba chisinthidwe pokhapokha ngati kulakwitsa kwake kuli koonekeratu. Ngati anthu odziwa mpira akutsutsanabe ataonera kanema yemweyo, ine ndimati sikunali koonekeratu, ndipo penate inayenera kukhala. Wina wa ku Dakar anena zina, ndipo naye atchula lamulo lomwelo.

Masewero anatha 0-0. Flames inamaliza pachitatu ndi mapointi 4, inadutsabe kwa nthawi yoyamba kupita mundime ya matimu 16, komwe Morocco inatichotsa 2-1 Gabadinho Mhango atayamba watinyaditsa ndi chigoli chapatali chija. Penate ya ku Bafoussam ikanamenyedwa n'kulowa, zinthu n'kuthera pomwepo, Malawi ikanatsogola gululo ndi mapointi 6. M'malo mwake yomwe inatsogola ndi Senegal, yomwe m'masewero atatu a m'gulu inagoletsa chigoli chimodzi chokha, penate ya Sadio Mané m'nthawi yowonjezera pa masewero ndi Zimbabwe. Pa 6 Febuluwale mufainolo ndi Egypt, Mané anaphonya penate kumayambiriro, masewero anatha opanda chigoli, ndipo Senegal inatenga chikho chake choyamba 4-2 pa mapenate, yomaliza atamenya Mané yemweyo.