Mbiri ya Kutsatsa Malonda pa Lamya ku Machinga ndi ku Balaka

Akulu athu a ku Ntaja ndi ku Ulongwe akumbukira masiku amene munthu wofuna kugulitsa mbuzi analibe njira yina koma kuikoka ndi cingwe kunka nayo kumsika, ndi kuima padzuwa kufikira wogula atapezeka. Lero mdzukulu wa munthu yemweyo aijambula mbuziyo iri m'khola, natumiza cithunzi cace pa lamya, ndipo dzuwa lisanalowe anthu a ku Zomba ndi ku Blantyre afunsa mtengo. Tifuna kulongosola umo cinthu ici cinakulira pakati pathu caka ndi caka, pakuti ena mwa abale athu apindula naco, ndipo ena alira naco.

Malonda si cinthu cacilendo m'dziko lino. Kale Ayao a kwa Kawinga ndi kwa Liwonde analikupita ndi minyanga ku nyanja ya mcere, nabwera ndi nsaru ndi mikanda, ngakhale sitiiwala kuti pa maulendo omwewo anagulitsidwanso anthu. Njanje ya ku Salima itapyola pa Balaka m'caka ca 1935, sitoro za Amwenye zinacuruka, ndipo kutsatsa kwao kunali kupacika nsaru pakhonde. M'masiku onsewo wogula ndi wogulitsa anaonana maso ndi maso, ndipo wonyenga anadziwika mudzi wace ndi mfumu yace.

Lamya za m'manja zinalowa m'Malawi ndi kampani ya TNM m'caka ca 1995, ndipo m'1999 inadza Celtel, imene lero ichedwa Airtel. Facebook inayambika ku America m'2004 ndi WhatsApp m'2009, koma kumidzi kwathu zinafika mocedwa, ndipo monga taonera ife, zinadzera kwambiri ku Joni. Anyamata athu ogwira nchito kumeneko anatumiza lamya zojambula kwa akazi ndi amai ao kuti azimvana nao. Pakati pa oyamba kutsatsa panali eni magalimoto onyamula katundu kucokera ku Johannesburg, amene analengeza tsiku lonyamuka ndi mtengo wa cikwama.

Koma kutsatsa kopanda njira yolipirira kuli ngati kuliza ng'oma popanda gule. Cifukwa cace ife tiyesa kuti malonda a pa lamya anabadwa ndithu m'caka ca 2012, pamene Airtel Money inayamba, ndi m'2013, pamene TNM inatsegula Mpamba. Kuyambira apo mai wa ku Nsanama wokhala ndi mpunga wa ku Chilwa anakhoza kulandira ndalama za munthu wa ku Lilongwe, napita kwa ejenti kukazitapa, nakweza thumba pa basi, osacoka pamudzi koposa tsiku limodzi. M'2015 Boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a lamya ndi pa intaneti, ndipo ambiri anazolowera kugula bandulo ya tsiku limodzi, natsatsa mofulumira isanathe.

Caka ca 2017 ndico coyenera kucikumbukira. M'caka cimeneco WhatsApp inaonjeza sitetasi, malo amene munthu aikapo cithunzi nicioneka kwa amene asungirana naye nambala kwa tsiku limodzi. Telala, wogulitsa kaunjika ndi woweta nkhuku anapeza khonde la sitoro lopanda lendi. Koma caka comweco cinationetsa malire a lamya. Zaka ziwiri za m'mbuyo mwace nandolo anali ndi mtengo wokoma, ndipo alimi a ku Machinga ndi Balaka anambzala wambiri. Tsono m'mwezi wa August dziko la India, limene linagula nandolo wathu wocuruka, linacepetsa wolowa m'dziko lao, ndipo mtengo unagwa pansi. Zithunzi za matumba zinadzaza m'magulu a pa WhatsApp, koma onse m'magulumo anali ogulitsa, wogula panalibe. Tidziwa mabanja amene anasunga nandoloyo kufikira anankafumbwe atamudya.

Bvuto lina linakula pamodzi ndi malondawo, ndilo cinyengo. Ndani mwa owerenga athu amene sanalandirepo uthenga wa munthu wosamdziwa wakuti ndalama ija aitumize pa nambala yina? Ena anaika zithunzi za njinga zamoto kapena za feteleza wotsika mtengo, nati wofuna ayambe watumiza theka, ndipo atalandira anazima lamya. Nyumba ya Malamulo inakhazika lamulo la za malonda ndi upandu wa pa intaneti m'2016, ndipo m'2018 eni lamya onse analamulidwa kulembetsa nambala zao ndi citupa. Izi zinathandiza pang'ono, koma akuba anaphunzira kulembetsa ndi zitupa za eni ace. Wogula tsono anakana kutumiza ndalama asanaone katundu, wogulitsa nakana kutumiza katundu asanaone ndalama.

Amene anaoloka pa bvuto ili anali makamaka akazi, ndipo anaoloka mwa njira yakale. Sanapfuule kwa dziko lonse pa Facebook, koma anatsatsa m'magulu a anthu odziwana: a cigwirizano ca amai, a kumzikiti, a banki mkhonde, aphunzitsi a sukulu imodzi. M'menemo citenje cigulitsidwa pa ngongole ya kutha kwa mwezi, pakuti wokana kulipira adzakomana ndi mwini citenje pa maliro kapena pa mjigo. Malonda otere sakula msanga, koma ndiwo alipirira ana ambiri sukulu.

M'2020 mliri wa Covid unatseka sukulu m'mwezi wa March, ndipo anthu oopa misonkhano anatembenukira ku lamya. Matelala anagulitsa zophimba kukamwa mwa njira imeneyi. M'caka comweco anthu anadandaula kwambiri za kudula kwa intaneti, ndipo makampani anatsitsa mitengo. Pamenepo oyimba anaonanso cacilendo. Nkhalamba Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anajambula nyimbo ndi Patience Namadingo, ndipo pofika kumapeto kwa 2021 inamveka pa TikTok kwa anthu mamiliyoni ambiri a m'maiko akutali, mwini wace alibe ndi lamya yoonera zimenezo. Ife a ku Balaka, kwao kwa Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, tikumbukira kuti pa masiku a kaseti womvera analipira. Lero mbiri ya woyimba ithamanga, ndalama nizitsalira m'mbuyo.

Zaka zotsatira zinali za kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti m'May 2022, ndi 44 peresenti m'November 2023. Mtengo wolembedwa Lolemba unakhala wonama pofika Loweruka, ndipo oitanitsa katundu ku Joni analuza ngakhale ogula analipo. Kuyambira apo ogulitsa ambiri a pa Liwonde ndi pa Balaka analeka kulemba mtengo pansi pa cithunzi. Alemba kokha kuti wofuna aimbe lamya, ndipo akaimba ayamba kunenerera mtengo monga anacitira agogo ao pa msika wa Ntaja.